PHUNZIRO LA AMAYI: Mwana Akagwidwa ndi Nkhawa

Phunziro la ulendo uno ndi lokhudza nkhawa za ana ndi achinyamata. Ndi lalitali pang'ono, choncho atsogoleri musaliwerenge mothamanga. Dzuwa likapendeka, ligaweni pawiri, mbali inayo mudzamalize pa msonkhano wotsatira.

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pamjigo ndi kuchigayo: "Mwana angakhale ndi nkhawa yanji? Kodi amagula feteleza? Ali ndi ngongole ku banki m'khonde?" Mawuwa amaseketsa, koma si oona. Ife amene tinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri tinaona ana osawerengeka akubwera nawo kuchipatala akudandaula m'mimba, mutu kapena pamtima. Kuyeza malungo, mulibe. Thupi silikutentha. Magazi ndi okwanira. Mayi amatenga kabuku n'kubwerera kumudzi ali wokhumudwa, ndipo panjira mwana amamva mawu akuti, "Wanditayitsa tsiku lakumunda chifukwa cha mabodza akowa." Koma mwanayo sananame. M'mimba munkawawadi. Chimene chinkasowa ndi dzina la vutolo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo nkhawa yopitirira muyeso imagwira pafupifupi 4 kapena 5 mwa 100 alionse a msinkhu umenewu. Kalasi ya ana 100 si yachilendo kuno kwathu. Tikatengera chiwerengerochi, m'kalasi yotere muli ana anayi kapena asanu amene nkhawa ikuwalanda tulo, sukulu ndi masewera. Ena mwa iwo amadya nafe m'mbale imodzi.

Galu wouwa tsamba

Mantha pa okha si matenda. Tinabadwa nawo kuti atiteteze. Taganizirani mwana amene akuyenda m'kanjira kopita kudimba, mwadzidzidzi waona mphiri itagona pakati pa njira. Asanaganize n'komwe, ubongo wachenjeza kale thupi lonse. Tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa timadzi totchedwa adrenaline. Mtima umagunda mofulumira kuti magazi afike msanga kumiyendo ndi kumanja. Kupuma kumafulumira. Ntchito yogaya chakudya imayamba yaima, popeza munthu wothawa njoka alibe nthawi yogaya nsima, ndipo n'chifukwa chake m'mimba mumapotokola, mseru umabwera, ena amatsegula m'mimba. M'kamwa mumauma, thukuta limatuluka, mkodzo umavuta kuugwira. Njoka ikapita, zonsezi zimatha pa mphindi zochepa.

Nkhawa ndi mantha omwewo, kungoti njoka yake ndi ya mawa, ya m'maganizo. "Nanga aphunzitsi akandiloza kuti ndiwerenge, anzanga n'kundiseka? Nanga amayi akapita kumsika ku Mponela osabwerako? Nanga ndikalephera mayeso?" Thupi silisiyanitsa njoka ya panjira ndi ya m'mutu. Limachita chimodzimodzi, koma popeza mawa satha, mtima umagundabe, m'mimba mumawawabe, sabata ndi sabata.

Galu wabwino amauwa fisi kapena wakuba. Koma tonse timamudziwa galu wina wouwa tsamba lililonse logwa, usiku wonse, mudzi osagona. Galu wotere sitimupha, chifukwa tsiku lina wakuba adzabweradi. Timamuzoloweretsa. Nkhawa pang'ono ndi yothandiza: ndi imene imamudzutsa mwana kuti awerenge mayeso akayandikira. Imasanduka vuto ikakhalitsa masabata ambiri, ikakula kuposa chimene chaiyambitsa, ndiponso ikayamba kumutsekera mwana njira ya kusukulu, ya kwa anzake ndi ya kutulo.

Mwana sadziwa kunena kuti "ndili ndi nkhawa". Thupi ndi khalidwe ndi zimene zimamulankhulira. Wamng'ono amakakamira chitenje cha amake, amalira kwambiri akasiyidwa ku mkombaphala, amayambiranso kukodza pamphasa pamene anali atasiya kale. Wa kupulayimale amadwala m'mimba Lolemba m'mawa, koma Loweruka mumupeza akusewera phada kapena mpira wachikulunga tsiku lonse. Amafunsa funso limodzi kakhumi: "Amayi, mubwerako nthawi yanji? Mubweradi?" Wachinyamata amapsa mtima msanga, amadzipatula, sagona, amaiwala zimene wawerenga. Anyamata ena amayamba chamba ndi mowa pofuna kuziziritsa mtima, ngakhale kuti chamba chimawonjezera mantha mwa ambiri.

Koma pali mwana mmodzi amene amapitirira osaonedwa ndi aliyense, ndiye mwana wofatsa kwambiri. Salakwa, sayankha, sapempha kanthu. Akalemba chilembo chokhota amang'amba pepala lonse n'kuyambiranso. Ku Sande sukulu ndiye chitsanzo. Ena mwa ana otere ndi ofatsa mwachibadwa, ndipo tithokoze. Ena afatsa chifukwa akuopa kuti akalakwa kamodzi kokha sadzakondedwanso. Mayi wanzeru amayang'ana zikhadabo zake ngati zolumidwa mpaka mnofu, ndipo amamvetsera usiku ngati akugona.

Nthawi zina mantha amagwa mwadzidzidzi ngati mvula yamatalala. Mtsikana ali m'kalasi kapena m'tchalitchi, mtima wayamba kuthamanga, akupuma mwawefuwefu, akuti akubanika ndipo akufa. Kupuma kofulumira kotere kumatulutsa mpweya wambiri kuposa muyeso, ndiye kumabweretsa chizungulire, dzanzi m'milomo ndi m'zala, mwina zala kupindika kumene. Zimafika pachimake pa mphindi ngati 10, kenaka zimatsika zokha, ndipo sizipha munthu. Chimene chimazikulitsa ndi khamu. Wina akukuwa, wina akumuthira madzi, wina wayamba kale kudzudzula ziwanda, ndipo mtsikana poona nkhope za akulu zili ndi mantha amatsimikiza kuti akufadi. M'sukulu zogonera konko zoterezi zimatha kufalikira kuchoka kwa mmodzi kupita kwa ena ambiri tsiku limodzi. Chofunika ndi kubalalitsa anthu, atsale mayi mmodzi wodekha, amukhazike pansi, amuuze kuti, "Mwanawe, ndili pano. Izi zimaopsa koma zimatha. Tiye tipume limodzi." Izi n'zosiyana ndi khunyu. Wakhunyu amakomoka osadziwa kanthu, amauma ndi kugwedezeka, mwina kudziluma lilime kapena kudzikodzera, ndipo akatsitsimuka amakhala wosokonezeka. Ameneyo ndi wa kuchipatala, ndipo mankhwala ake alipo.

Yambani ndi kuchipatala

Pano tilankhule monga anamwino. Musanene kuti "ndi nkhawa chabe" mwana asanayezedwe. Malungo amapweteketsa mutu ndi m'mimba. Kuchepa kwa magazi kumathamangitsa mtima ndi kubweretsa chizungulire, makamaka kwa atsikana amene ayamba kusamba. Onani zikhatho ndi mkati mwa chikope ngati mwayera. Mphumu imabanikitsa. Njoka za m'mimba ndi likodzo nazo zilipo. Ndipo mwana amene wapita kusukulu kumimba kuli pululu amanjenjemera ndi njala, osati ndi maganizo. Pitani naye akamuyeze. Akapeza matenda, alandire mankhwala. Akapanda kupeza, musayambe kuzungulira magolosale kugula Panado ndi LA, kapena kuchoka kwa sing'anga uyu kupita kwa uyo. Ulendo uliwonse wotere umamuuza mwana kuti ali ndi nthenda yoopsa imene akulu alephera kuipeza. Ndi bwino kumuuza zoona: "Adokotala ayeza, thupi lako lili bwino. Ululu ukuumvawo ndi weniweni, umabwera mtima ukakhala ndi mantha. Tiye tione chimene chikuuopsa."

Kodi njoka ilipodi?

Funso ili ndi lalikulu kuposa onse m'phunziro lino. Si galu aliyense wouwa amene akuuwa tsamba. Mwana amene mwadzidzidzi wayamba kukana kupita kusukulu, kukatunga madzi, kapena kukagona kwa wachibale wina, mwina ali ndi chifukwa chenicheni. Mwina pali anyamata amene amamudikirira pamlatho. Mwina pali wamkulu amene amamugwira malo osayenera n'kumuopseza kuti akaulula afa. Mwina akuona bambo akumenya mayi usiku uliwonse ndalama za fodya zikabwera. Mwina wamva kuti akufuna kumukwatitsa, pamene kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mwina ndi mtsikana amene waona magazi koyamba popanda womulangiza, ndipo akuganiza kuti wavulala kapena wachimwa. Mwana wotere sitimuphunzitsa kupirira. Timachotsa njokayo. Kuboma ku Dowa ndi ku Ntchisi kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo m'sukulu zapulayimale muli magulu a amayi oyang'anira atsikana. Nkhani ya kugwiriridwa siithera pabwalo la amfumu ndi mbuzi kapena nkhuku.

Palinso mantha amene chiyambi chake n'chenicheni koma chinapita kale, kapena sitingathe kuchichotsa. Ana athu aona zambiri m'zaka zochepa. Mu March 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mpaka cha mu September ndi October. Mu 2022 ndi 2023 kunagwa kolera. Mu March 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba. Ambiri akuleredwa ndi agogo, makolo ali ku Joni kapena kumanda. Ndipo tisaiwale anansi athu a ku Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa. Msasa umenewu unatsegulidwa mu 1994, malo ake ndi oyenera anthu pafupifupi 12,000, koma pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Chaka chomwecho boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala m'matauni abwerere kumsasa, ndipo ana ambiri anasiya sukulu ndi anzawo mwadzidzidzi. Mwana amene anaona nkhondo akhoza kudzidzimuka ndi phokoso la njinga yamoto kapena chitseko chomenyetsedwa. Amayi amene mumagulitsa nawo malonda pamsika wa kumeneko, mukaona mwana wotere musamuseke, ndipo musalole ana anu kumuseka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndodo ndi chitenje

Tsopano tinene za mwana amene wayezedwa ndipo ali bwino, tafufuza ndipo palibe womuzunza, koma akuopabe. M'makomo ambiri muli njira ziwiri. Yoyamba ndi ya ndodo: "Usandichititse manyazi! Mwamuna salira! Nyamuka!" Mwana amapitadi kusukulu, koma tsopano ali ndi mantha awiri, a kusukulu ndi a kunyumba, ndipo waphunzira kuti zamumtima sauza amayi. Enanso amamenya ndi mawu achikhristu, kumuuza mwana kuti nkhawa ndi kusowa chikhulupiriro. Kupemphera ndi mwana wamantha ndi chinthu chokoma, ndipo kumamukhazika mtima pansi. Koma kumuuza kuti mantha ake ndi tchimo n'kumusenzetsa mtolo wachiwiri pamwamba pa woyamba.

Njira yachiwiri ndi ya chitenje, ndipo agogo ndiwo akatswiri ake: "Musiyeni mdzukulu wanga, lero agone, apita mawa." Njira iyi imachokera m'chikondi, n'chifukwa chake ndi yovuta kuitsutsa. Koma taonani zimene zimachitika m'mutu mwa mwana. M'mawa mtima unali kugunda. Atangomva kuti sapita, mtima wakhala pansi, m'mimba mwaleka. Ubongo walemba phunziro: kusukulu kunalidi choopsa, ndipo ndapulumuka chifukwa chothawa. Mawa mantha amabwera okulirapo. Sabata ikatha watsalira m'maphunziro, anzake akufunsa kumene anali, ndipo kubwerera kwavuta kawiri. Kuthawa ndiye chakudya cha nkhawa. Chimodzimodzi kumuyankhira mwana nthawi zonse alendo akamufunsa, kapena kumutsimikizira kakhumi kuti mubwerako. Mukamutsimikizira kakhumi lero, mawa adzafuna kakhumi ndi kawiri.

Nkhani iyi inayesedwa. Ku yunivesite ya Yale ku America, Dr Eli Lebowitz ndi anzake anagawa ana 124 a zaka 7 mpaka 14, onse ovutika ndi nkhawa, m'magulu awiri. M'gulu loyamba ana ankakumana ndi katswiri. M'gulu lachiwiri ana sanakumane ndi katswiri konse; makolo okha ndiwo ankaphunzitsidwa kwa masabata 12. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2020 zinaonetsa kuti ana a magulu onse awiri anapeza bwino mofanana. Makolowo anaphunzitsidwa zinthu ziwiri: kuvomereza mantha a mwana pamodzi ndi kumuonetsa kuti amamukhulupirira, ndiponso kuchepetsa pang'onopang'ono zomuthawitsa zija. Kwa ife a kumapiri kuno, kumene akatswiri a maganizo ndi osowa, uwu ndi uthenga wolimbikitsa. Mayi, agogo kapena azakhali akhoza kuchita zambiri pakhonde pomwe.

Kuyenda naye

Choyamba ndi kumva. Ana salankhula bwino mukawakhazika pampando n'kuwayang'ana m'maso ngati pabwalo la milandu. Amamasuka manja akakhala pa ntchito: potong'ola chimanga, poswa mtedza, popita kudimba. Yambani ndi zimene mwaona: "Ndaona kuti masiku ano m'mimba mumakuvuta m'mawa. Kodi pali chimene chimakudetsa nkhawa?" Akatero "palibe", musakakamize. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mudzafunsenso mkuja. Akayamba kulankhula, gwirani pakamwa panu. Musathamangire kunena kuti "zazing'ono zimenezo". Kwa inu n'zazing'ono chifukwa muli ndi zaka 40. Ndipo zimene wakuuzani musakazifotokoze pamjigo iye akumva, kapena kuzipereka ngati mutu wa pemphero pagulu ndi dzina lake. Akamva kamodzi kokha, chitseko chatsekedwa.

Mawu omuyankha akhale ndi miyendo iwiri: "Ndikuona kuti ukuopa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ungathe." Mwendo woyamba wokha ndi chitenje chija. Wachiwiri wokha ndi ndodo ija.

Kenaka muphunzitseni kukhazika thupi pansi. Aike dzanja pamimba, akoke mpweya ndi mphuno mpaka mimba itukuke, mukuwerenga mpaka 4, ndiye autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono ngati akuuzira phala lotentha, mukuwerenga mpaka 6. Kutulutsa mpweya mochedwa ndi kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Achite kasanu kapena kakhumi. Koma izi aziphunzire madzulo ali bwinobwino, tsiku ndi tsiku, osati kudikira mantha atafika. Nyimbo ya kwaya sitiiphunzira Lamulungu m'mawa anthu atakhala kale m'tchalitchi.

Tsono pamabwera ntchito yeniyeni, yomubwezera mwana ku chinthu chimene akuchiopa, pang'onopang'ono. Phiri la Ntchisi palibe amene amalikwera ndi kulumpha kumodzi. Titenge chitsanzo cha mtsikana wa Sitandade 4 amene wajomba masabata atatu. Mayi akambirane kaye ndi aphunzitsi kuti asamulandire ndi chilango kapena kumufunsa mafunso pamaso pa anzake. Tsiku loyamba avale yunifolomu, ayende ndi amake mpaka pamene denga la sukulu likuonekera, aime pamenepo mpaka mtima utatsika, abwerere. Tsiku lachiwiri afike pabwalo ndi kupereka moni kwa aphunzitsi. Lachitatu alowe phunziro limodzi, mayi atakhala pansi pa mtengo. Kenaka mpaka nthawi yopuma. Kenaka mayi amusiye pamphambano, apite ndi mnzake. Pa sitepe iliyonse mufunseni, "Mantha ako ndi zala zingati?" Zala zisanu ndi mantha aakulu, chala chimodzi ndi ochepa. Mudzaona kuti amayamba ndi zinayi, koma akakhala pomwepo osathawa zimatsika kufika ziwiri. Chinsinsi chili pamenepo: asachoke mantha ali pamwamba, ayambe waona yekha kuti amatsika. Sitepe ikakula kwambiri, iduleni pakati. Tsiku lina adzabwerera m'mbuyo, makamaka sukulu ikatsegulidwa pambuyo pa tchuthi kapena akadwala. Musataye mtima, yambirani pa sitepe imene anaikwanitsa. Ndipo muyamikireni chifukwa cholimba mtima, ngakhale analira njira yonse. Wolira koma n'kufika wachita zazikulu kuposa amene sanaope konse.

Njira yomweyi imagwira kwa mwana woopa mdima, woopa kupita kuchimbudzi yekha, woopa kuwerenga pagulu. Wowerengayo ayambe kuwerengera agogo, kenaka banja lonse madzulo, kenaka anzake atatu.

Za mayeso tinenepo pang'ono, popeza mayeso a MANEB ndiwo amadwalitsa ana ambiri a Sitandade 8 ndi Fomu 4. Malo a kusekondale ndi ochepa, ndipo ana amadziwa zimenezi popanda kuwakumbutsa. Mawu akuti "tinagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe, ukalephera usabwere pakhomo pano" sawonjezera malikisi ngakhale amodzi. Ubongo wamantha sugwira zinthu, ndipo ubongo wosagona umataya zimene wawerenga. Wachinyamata amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Kuwerenga usiku wonse ndi kandulo, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira, kapena kumwa zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo, kumangothamangitsa mtima. Mupepukireni ntchito zapakhomo, adye kanthu m'mawa ngakhale mbatata, ndipo amve kuchokera pakamwa panu kuti akhoza kapena alephera, pano ndi kwawo. Amene ali ndi foni, igone kunja kwa chipinda. Zimene amaona pa Facebook ndi pa WhatsApp pakati pa usiku, za ngozi, za maliro, za anzawo ooneka ngati olemera, sizigonetsa munthu.

Lilime la akulu

Ana amatengera mantha kwa akulu monga amatengera chimfine. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinavuta kuchigawo chakummwera, ndipo mu 2020 zinadzukanso kumpoto ndi kuno kuchigawo chapakati. Anthu osalakwa anaphedwa. Akulu ankagona panja ndi zibonga, akukamba zoopsa usiku wonse, ana ali pomwepo maso ali gwa. Mphekesera zitatha akulu anaiwala, koma ana ena anakhala miyezi akuopa mlendo aliyense ndi galimoto iliyonse. Tisamale zimene timakamba pamoto. Za ngongole, za ufiti, za matenda a uje, ana amamva zonse ngakhale akuoneka ngati agona, ndipo zimene sanamvetse amazimaliza okha m'mutu moopsa kuposa zenizeni. Ngati pakhomo pali vuto, auzeni zoona mwachidule, molingana ndi msinkhu: "Chaka chino chimanga n'chochepa. Ine ndi bambo ako tikuchitapo kanthu. Imeneyi ndi ntchito ya akulu, yako ndi sukulu."

Pali chizolowezi chinanso chimene anamwino timadandaula nacho kwambiri, choopseza mwana kuti akhale chete: "Ukalira adokotala akubaya jakisoni." "Chilombo chikubwera." "Ndikusiya konkuno." Mwana amatontholadi. Koma tsiku la katemera anthu atatu amalephera kumugwira, ndipo amene anamuopseza uja ndiye amayamba kumukalipira kuti ndi wamantha. Ndiponso pochoka pakhomo musazembe mwana ali kuseri. Tsanzikani, nenani nthawi yobwerera, ndipo bwererani nthawi imeneyo. Alira lero, koma aphunzira kuti mawu a amake ndi oona.

Pamene pafunika thandizo lina

Ngati mwayesa kwa mwezi kapena iwiri osaona kusintha, ngati mwana wasiyiratu sukulu, akuonda, sakugona, akudzicheka kapena akumva mawu amene ena sakumva, pitani naye kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, mukafunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala, ndiponso si ulendo wa ku Zomba. Ku Lilongwe kulinso a St John of God amene amathandiza pa mavuto otere. Nambala ya 116, imene a bungwe la YONECO amayendetsa, ndi yaulere ndipo ndi ya ana ndi achinyamata. Mapiritsi ogonetsa a munthu wamkulu musampatse mwana.

Wachinyamata akanena kuti "bola kufa" kapena "mudzandifuna simudzandiona", musazitenge ngati nthabwala kapena mwano. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizo amenewo. Ambiri amapepukidwa kuti wina wamva. Musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo m'dera la alimi ngati lathu lino, tameki, mankhwala opopera fodya ndi mapiritsi osungira chimanga zikhale zokhomeredwa ndi loko, kiyi ali ndi wamkulu. Maganizo otere nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, ndipo loko wa pamsika akhoza kumudutsitsa mwana pa kanthawi kameneko.

Ena adzafunsa kuti, kodi ife amayi osaphunzira za udokotala tingathandizedi? Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare mu mzinda wa Harare kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo sapereka mankhwala kapena ulaliki. Amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha chochita sabata imeneyo. Kafukufuku wa mu 2016 wa anthu akuluakulu 573 m'zipatala 24 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi inafikanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Kwa wachinyamata amene akuti "zonse zandisokonekera", kusankha vuto limodzi kotere kumathandiza kwambiri. Ndipo kawirikawiri mtsikana amamasuka kwa azakhali kapena kwa mayi wa mumpingo kuposa kwa amake omubala. Mayi wobala asachite nsanje ndi zimenezi.

Musanabalalike lero, khalani awiriawiri muyesere kupuma kuja, wina akhale mayi wina mwana, mpaka aliyense atakudziwa bwino. Kenaka kambiranani mawu oopseza ana amene amamveka m'mudzi mwanu, ndi mawu ena amene angalowe m'malo mwake. Pomaliza sankhani amayi awiri oti apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu, akafunse tsiku limene woona za matenda a maganizo amapezeka ndi kumene amapezeka. Yankho lake mlembi alilembe m'buku la gulu pamodzi ndi nambala ija ya 116, ndipo lidzawerengedwe pa msonkhano wotsatira.